Jekete la Khaki la Bambo Rapson Chimphonda

Malemu anabadwa pa 9 March 1958 ku Kasungu, dzina lawo bambo Rapson Chimphonda. Wowerengane ndine Limbikani, mwana wa mlongo wawo. Ndikuona ena mwayamba kale kudikira bodza, poti mumandidziwa kuti ndine wanthabwala. Lero palibe, chonde.

Sukulu analekezera fomu 2, ndipo mu 1979 anayamba ntchito yolondera nyama m'nkhalango ya kwathu konko. Mu 1986 anakwatira mayi Anastasia. Mu 1994 anapita ku Namibia, dziko louma gwa, kumene ankatsogolera alendo odzaona zipembere. Mudzi wonse kumeneko umadyera alendowo: wophika, wochapa, dalaivala. Chipembere chikapanda kuoneka, mlendo sabwera.

Kwa zaka zisanu ndi zitatu malemu ankalemba m'kope kasupe aliyense wobisika kumene zipembere zimathawira mvula ikakana. Kopelo sankalola kulichita photocopy kapena kuliwerenga pa foni, kuopa anthu opha nyama. Ankati lizichoka m'dzanja kulowa m'dzanja.

Mu 2002 anatsatira mayi, amene anapeza ntchito ya unesi kuno ku Birmingham. Ankati ndi zaka ziwiri zokha abwerera, n'chifukwa chake kope anabwera nalo. M'malo mwake analowa warehouse ku Telford. Munthu wotha kuona phazi la chipembere pa mwala, n'kumasenza makatoni a masokosi!

Chaka chino ku Namibia kuja kwaumiratu. Zipembere zasowa, alendo akukansela, anthu achotsedwa ntchito. A Willard, anzawo a ntchito kumeneko, akubwera kudzatenga kopelo. Afika Loweruka.

Apa ndiye polakwa ine. Pa 3 September ndinabisa kope lija m'thumba lam'kati la jekete lawo la khaki, kuti ndiwaone akuvundula nyumba, kenako tiseke, monga timachitira. Mawa lake anagwa ndi sitiroko. Sanayankhulenso mpaka kumwalira pa 21 September 2006. Ine ndi misozi ndinaiwaliratu. Azimayi a kumpingo, pofuna malo oti olira akhalepo, anatulutsa majumbo a zovala. Zina anagawa, zina anakasiya m'ma charity shop a pa Stratford Road. Sanalakwe. Ndalowa shopu iliyonse mu Sparkhill, ndagwada pamaso pa azimayi osandidziwa. Palibe.

Ndikupempha, makolo anga, a ku Stoke, a ku Telford, nonse. Amene munalandira jeketelo, ndi lanu, likukhalani. Ngakhale mwalivala panopa, pisani m'thumba, ife tiyang'ana kumbali. Kope lokhalo basi.

Malemu asiya mayi Anastasia ndi ana awiri, Ryan ndi Shalom. Tikuthokoza abusa, azimayi a kumpingo, anesi anzawo a mayi, ndi nonse mwasiya mashifiti kudzalira nafe. Loweruka ndikalandira a Willard ku eyapoti, ndipo chokawauza ndilibe. Amalume, ndikhululukireni. Mzimu wanu uuse mumtendere.