Mizere Inayi Imene Inadulidwa pa Pepala la a Makoko

Malemu amene agona pamaso pathuwa anabadwa pa 9 Malichi 1962, mwana wachinayi m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo, mayi awo ankasoka mayunifomu. Mbiriyi alemba ndi akazi awo a malemu. Iwo sukulu anailekeza ku pulayimale, choncho amene mukudikira mawu okometsera a m'mabuku, pepani, mumva zimene zinachitika basi. Ndipo alamula kuti powerenga pasadumphidwe mzere ngakhale umodzi.

Malemu sukulu anayamba mu 1969. Anali mwana wosalongolola koma wovuta manja. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anathira madzi a m'batire patebulo la bambo awo kuti aone ngati amadya thabwa. Amadyadi. Anakwapulidwa, koma mpaka imvi ankati ameneyo ndiye anali kafukufuku wawo woyamba, ndipo zotsatira zake palibe anazitsutsa.

Mu 1981 anasankhidwa kupita ku yunivesite kukaphunzira kemisitili. Atamaliza mu 1985 anawalemba ntchito mu labotale ya pasukulu pomwepo. Mu 1988 anakwatira mayi amene ankaphika mu kantini ya ogwira ntchito. Malemu ankaitanitsa tiyi n'kutsegula buku, tiyi n'kuzizira, mayiwo n'kutenthetsanso, mpaka tsiku lina anawafunsa ngati amabwera kudzamwa tiyi kapena kudzazunza anthu. Ena ankanena kuti munthu wophunzira chotero akufunanji kwa mkazi wonunkha utsi. Onenawo maukwati awo anatha kalekale. Awa akhala limodzi zaka 36.

Kuyambira 1993 mpaka 1997 anali kunja kukachita maphunziro a udokotala wa kemisitili. Anabwerako ndi sutikesi yodzaza mabuku, ndi nsapato za akazi awo zimene sizinalowe.

Ntchito yawo inali ya chinthu chotchedwa katalisiti. Kunyumba ankafotokoza chonchi: pali zinthu zimene zikhoza kusanduka chinthu china chothandiza, koma zimachita ulesi. Ukathiramo kaufa pang'ono zimathamanga, ntchito ya tsiku lonse n'kutha pa ola limodzi, ndipo kaufako sikatha, umakatolanso n'kukagwiritsa ntchito mawa. Ufa wotere unkagulidwa kutali. Malemu anati aupanga kuchokera ku makoko a mazira, powaotcha mu ng'anjo mpaka kuyera mbee, kuti uzisandutsa mafuta okazingira otha ntchito kukhala mafuta oyendetsera injini.

Kuyambira 2003, amene ankazungulira kwa ophika buledi ndi kuseri kwa mahotela kupempha makoko ndi akazi awo. Ankawatsuka limodzilimodzi, kusenda kakhungu ka m'kati ndi chikhadabo, n'kuwayanika pa lata. Ntchentche zinatidziwa. Oyandikana nafe anawapatsa malemu dzina loti a Makoko, iwo n'kumavomera ndi chimwemwe.

Vuto linali limodzi. Ufawo ukatuluka mu ng'anjo n'kukhala pa mphepo, unkafa mphamvu pa masiku ochepa. Zaka zitatu malemu anavutika nazo, kuonda nazo. Tsiku lina mu 2006 akudandaula kukhitchini, akazi awo akupaka mafuta chiwaya chachitsulo kuti chisachite dzimbiri, anawauza kuti ngati mphepo ndiyo ikupha ufa wanuwo, bwanji osaumiza m'mafuta usanazizire. Malemu anasiya tiyi patebulo n'kuthamangira kuntchito atavala masilipasi. Zinatheka. Ufa womizidwa m'mafuta ukadali wotentha unagwira ntchito ka 20 osafooka.

Mu 2008 analemba pepala lofotokoza zimenezi kuti lisindikizidwe m'magazini ya akatswiri. Linadutsa kaye patebulo la a Mkulu a dipatimenti, monga mwa lamulo la kumeneko. A Mkulu sanagwirepo khoko la dzira ngakhale limodzi, koma dzina lawo linakhala patsogolo, la malemu pambuyo. Anatenganso cholembera chofiira n'kudula mizere inayi yonena za kumiza ufa m'mafuta. Anati zimenezo ndi za kukhitchini, azungu ndi akatswiri ena atiseka. Malemu anadandaula kunyumba sabata yathunthu, koma kuntchito anangoti duu. Apa malemu analakwa. Akazi awo anawauza ali moyo, ndipo akuwauzanso lero ali m'bokosimo: munalakwa, bambo, munali wofatsa mopitirira.

Pepalalo linatchuka. Akuti kumeneko ulemu amauwerenga ngati zigoli, kuti ndi anthu angati atchula pepala lako m'mapepala awo. La malemu linatchulidwa koposa ka 700. Makalata oitanira ku misonkhano ankabwera, wokwera ndege n'kukhala a Mkulu. Malemu ankatsala ndi ng'anjo yawo, akuimba mluzu. Moyo wawo wonse malemu analemba mapepala 41, ndipo anthu asanu ndi anayi anatenga udokotala kudzera m'manja mwawo.

Mu 2016 malabotale awiri akunja analengeza kuti ayesa njira ya m'pepalamo ndipo ufawo ukufa kachitatu kokha. Ukanalekeranji kufa? Ankausiya m'botolo pa mphepo, chifukwa pepala silinawauze. Mu 2017 kunakhala komiti yofufuza. A Mkulu anaimirira pamaso pa komitiyo n'kusamba m'manja, amvekere iwo anangokonza galamala, manambala onse ndi a mnzawoyu. Malemu anatulutsa makope awo olembamo ntchito ya tsiku ndi tsiku, a komiti anati zolemba pamanja munthu akhoza kulemba dzulo. Pepala loyamba lija, la inki yofiira, linali mu ofesi ya a Mkulu, ndipo linasowa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Pa 12 Epulo 2018 a magazini anachotsa pepalalo n'kulemba poyera kuti manambala ake ndi okayikitsa. Tinene mosapsatira: anawatcha abodza, munthu amene ankabwerera ku sitolo mtunda wautali akapatsidwa katundu woposa amene wagula. A yunivesite anawachotsa mu labotale n'kuwaika ku sitolo ya zipangizo kuti azigawa mabotolo ndi magolovesi. Zaka zisanu anakhala m'kachipinda kopanda zenera. Anzawo ena akawaona pakhonde ankayamba kuyang'ana foni. Ena mwa inu muli pano, mwavala masuti akuda, takuonani. Mluzu uja unatha m'nyumba. Mzime wawo, amene akuphunziranso kemisitili, anafunsidwa ndi mphunzitsi pamaso pa kalasi yonse ngati ali mwana wa uja wophika manambala. Mwanayo anabwera kunyumba osadya masiku awiri.

Mu 2022 mayi wina amene malemu anamuphunzitsa, yemwe tsopano ndi dokotala wa labotale yake kudziko lina, anayesanso ntchitoyo, ufa n'kuumiza m'mafuta monga ankaonera kwa aphunzitsi ake. Koyamba unagwira ka 19, kachiwiri ka 21. Anatumiza zonse kwa a magazini. Mu Januwale 2024 a magazini anayankha kuti pepalalo alibwezeretsa ndipo dzina la malemu aliyeretsa, koma pakufunika chinthu chimodzi: mwini dzina loyamba asaine kalata yovomera kuti mizere inayi ija inalipo ndipo anaidula ndi iye.

Kalatayo inaperekedwa ku ofesi ya a Mkulu pa 6 Febuluwale. Malemu anapitako kasanu. Kachisanuko anakwera masitepe ndi ndodo, akupuma pa sitepe iliyonse, akazi awo atawagwira m'khwapa. Mlembi anati bwana ali ku msonkhano, galimoto lawo lili panja pomwepo pamthunzi.

Matenda anayamba mu Juni ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mu Julayi madokotala anapeza khansa ya m'mapapo. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Seputembala. Masiku onse amene anagona kumeneko, akazi awo akalowa m'mawa ndi fulasiki, malemu sankayamba kuwayang'ana kumaso. Ankayang'ana m'manja, ngati muli envulopu. Akaona kuti mulibe ankatembenukira kukhoma, kenako n'kufunsa za ana. Anatisiya Lachisanu pa 27 Seputembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 62.

Malemu asiya akazi awo, ana atatu, woyamba namwino, wachiwiri makanika, ndi mzime uja, komanso zidzukulu zinayi, mchemwali wawo mmodzi ndi mng'ono wawo mmodzi.

Ife a pabanja tikuthokoza anamwino a mu wodi ya abambo, amene ankawatembenuza mosanyansidwa. Tikuthokoza bambo osesa ku dipatimenti, amene zaka zonse zisanu zija ankakamwa nawo tiyi m'kachipinda kaja osaopa kuti aonedwa. Tikuthokoza adokotala amene anayesanso ntchitoyo, ayenda masiku awiri kuti adzaike aphunzitsi awo. Tikuthokoza ophika buledi, oyandikana nafe, a mpingo, ndi nonse amene mwatikhalira pano.

Dzulo tinalandira uthenga woti a Mkulu abwera ndi nkhata ya maluwa ndipo apempha mphindi khumi kuti alankhule m'malo mwa yunivesite. Afikadi, akhala mzere wachiwiriwo. Akazi a malemu ayankha motere. Maluwa abwerere nawo. Mawu awo sitikuwafuna, tinawamva mu 2017. M'buku la chipepeso asalembemo. Patebulo lomwelo, pambali pa bukulo, taikapo kalata ija, ina yatsopano, poti mwina yoyamba inasowanso. Cholembera chili pomwepo. Mutu waukulu sulewa nkhonya, bambo. Kuchoka pamene mwakhalapo kufika patebulopo ndi mapazi khumi, palibe masitepe, ndipo mapapo anu ndi abwinobwino.

Mukasaina, mwamuna uyu alowa m'manda ndi dzina lake, ndipo mwana wake abwerera m'kalasi atadzutsa mutu. Mukakana, timuika ndithu, koma anthu onsewa aona ndi maso awo amene wakana. Akwaya ayimba nyimbo imodzi. Bokosi linyamuka nyimboyo ikatha.

A Makoko, atate a ana anga, munatopa nako kudikira. Tsopano tidikira ndife. Mzimu wanu uuse mu mtendere.