Mayi Daisy Goodson ndi Dengu la Tiyi

Malemu mayi Daisy Goodson, mwana wa kwa Teleza, anabadwa pa 9 Okutobala 1972 ku komboni ya esiteti ya tiyi imene nonse mukuidziwa, ndipo dzina lake sindilitchula. Zikomo mafumu, abusa, akuluampingo ndi anamalira nonse. Ine ndine Elijah Teleza, mlongo wamkulu wa malemu, amene banja landituma kuwerenga mbiriyi. Mundilole ndiyambire pa chaka cha 1988, chifukwa moyo wonse wa achemwali athuwa unatsata mawu amene ananena chaka chimenecho.

Mu Okutobala 1988 malemu anasankhidwa kupita ku sekondale. Bambo athu, a Mathew Teleza, anali atatisiya kale. Mayi athu, a Fainess, anali atathyola tiyi kuyambira utsikana wawo, ndipo msana unali utapindika moti dengu sankathanso kulibereka. Lamulo la pa esiteti mukulidziwa: nyumba ya ku komboni ndi ya munthu amene ali pa tikiti. Pakhomo pakasowa wogwira ntchito, mulongedze. Ine nthawi imeneyo ndinali nditawoloka kale malire. Ndiye mng'ono wa malemu, mayi Mervis, amene akhala pafupi ndi bokosi apo, anasiya sukulu ali Sitandade 7, nakadziwonjezera zaka kwa kalaliki, natenga dengu la amayi. Tsiku lonyamuka, sutikesi ili pamutu, malemu analonjeza a Mervis pamaso pa amayi kuti dengu limenelo adzawatula ndi manja awo, msana usanapindike.

Malemu anali achiwiri m'banja la ana atatu. Agogo athu anachokera ku Mozambiki wapansi, nalandiridwa pa esiteti nthawi ya thangata, pamene malo ogona ankalipiridwa ndi thukuta. Mabuku a mbiri ya maesiteti ano amatchula azungu, mitundu ya tiyi ndi zaka za mvula yabwino. Za misana ya anthu mulibemo. Malemu anaphunzira pulayimale pa sukulu ya pa esiteti pompo, ndipo anabatizidwa mu mpingo wa CCAP mu 1986. Aphunzitsi awo ankadandaula chinthu chimodzi, chakuti mwanayo sankalola yankho lakuti zinthu zinakhala choncho kuyambira kale.

Atamaliza Fomu 4 mu 1992, anapita ku Polytechnic ku Blantyre kumene anaphunzira zaumoyo wa anthu pa malo a ntchito. Mu 1997 analembedwa ntchito pa fakitale ina ku Limbe yoyang'anira chitetezo cha antchito. Pa 22 Ogasiti 1998 anamanga banja ndi bambo Zakeyu Goodson a kwa Changata, mphunzitsi, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Tisungane ndi Everson.

Atangoyamba kulandira malipiro, malemu anabwera kudzatenga a Mervis kuti akakhale nawo m'tauni. A Mervis anakana chifukwa cha amayi, amene sankafuna kumva za kusamuka. Amayi atamwalira mu 2001, malemu anabweranso. Apa a Mervis anali ndi banja lawo ndi ana awo, ndipo anayankha mwa chizolowezi chawo chosapsatira, kuti iwo sanasiye sukulu kuti akachape matewera ku Chilomoni. Anawonjezera kuti mzere umene amathyolamo muli amayi ambirimbiri, ndipo sanamvepo kuti onsewo ali ndi akulu awo ku Blantyre. Malemu anabwerera atakwiya. Koma mlamu wathu a Goodson amati kuyambira ulendo umenewo nkhani inasintha m'nyumba mwawo. Sankanenanso zochotsa a Mervis pa dengu. Ankanena zosintha dengulo.

Mu 2003 anapeza mwayi wokaphunzira ku yunivesite ina ku South Africa. Maphunzirowo pa Chingerezi amawatcha ergonomics. Kunena mwachidule, ndi luso lokonza chida ndi malo a ntchito kuti zigwirizane ndi thupi la munthu, m'malo moti thupi lizipindika kutsata chida. Kuno anthu anaseka ndithu. Ankati mwana wa a Fainess wakwera ndege kukaphunzira kukhala pampando. Ine ndinakawachezera kumeneko. Ndinawapeza m'kachipinda kozizira, atapachika pakhoma dengu la tiyi limene anachoka nalo kuno, anzawo a m'kalasi akuliyesa chokongoletsera.

Atabwerera mu 2006 anasiya ntchito yolembedwa, natsegula kampani yawoyawo yolangiza za kagwiridwe ka ntchito, m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ku Limbe. Chiyambi chinali chowawa. Ankayenda ofesi ndi ofesi, tepi yoyezera ili m'chikwama, mabwana n'kumawauza kuti Mmalawi sadwala msana, amangodwala ulesi. Woyamba kuwakhulupirira anali mwini wa malo osokera mayunifolomu, amene matelala ake ankajomba chifukwa cha khosi ndi mapewa. Malemu anadula miyendo ya matebulo, nakweza mipando, nasuntha magetsi. Kujomba kutachepa, mbiri inafala. Anayamba kuitanidwa ku malo ophikira buledi, ku nyumba zosungiramo matumba a feteleza, kenako ku mabanki ndi ku mabungwe. Analemba ntchito achinyamata, ndipo awiri oyamba, mayi Sellah ndi bambo Ben, ali nafe pano.

Koma mtima wawo unali kuno. Kwa zaka zingapo anapempha maesiteti kuti awalole kuyesa dengu latsopano, ndipo mu 2010 esiteti imene anabadwirapo inavomera. Anakhala m'minda miyezi ya Juni ndi Julayi, akuyeza mapewa, akuonerera mmene amayi amaweramira ndi mmene amaponyera masamba kumbuyo. Dengu limene anakonza analukitsa kwa amisiri a nsungwi a ku Chimaliro. Linali lopepuka, la zingwe zofewa, ndipo linali ndi lamba wamkulu womanga m'chiuno, kuti katundu achoke pa msana atsikire m'chiuno ndi m'miyendo. Amene analiyesa nyengo yozizirayo analiyamikira. A manijala anajambulitsa nalo zithunzi. A Mervis ndi amene anayamba kulivala, ndipo akuti tsiku limenelo anayenda mowongoka ngati msilikali kuti anzawo aseke.

Zimene ndinene tsopano a Mervis andilola kuti ndinene. Anandiuza kuti ndinene zonse, popeza anthu ananena kale zawo.

Madengu anagawidwa mu Disembala, mvula itayamba, pamene masamba amachuluka ndipo esiteti imalemba amayi ambiri aganyu a sizoni. Malemu anali atalangiza akapitawo kuti lamba womasuka alibe ntchito, aziona kuti aliyense wamanga zolimba. Chimene sanachiganizire n'chinthu chimene amayi onse muli pano mukuchidziwa. Kwathu kuno pakati sipalengezedwa pasanaoneke. Ndipo mayi wa sizoni ankaopa kuti akadziwika kuti ndi woyembekezera, dzina lake silidzaitanidwa m'mawa. Choncho amamanga chitenje momasuka, n'kuphimba ndi pulasitiki yodzitchinjirizira ku mame ija, n'kumagwira ntchito osanena kanthu. Lamba uja ankafinya pamalo pomwepo, ndiponso ankaulula. Amayi anayamba kumasula malamba n'kumawakoleka m'mitengo ya mthunzi. Malemu akafunsa, ankayankhidwa mwaulemu kuti lambayo akutentha, madamu. Iwo anakasintha nsalu yake, nabwera nayo yopyapyala. Anayankhidwanso kuti akutentha.

A Mervis anali oyembekezera nthawi imeneyo, ndipo sanauze munthu, ngakhale akulu awo. Poona kuti anzawo akukana, iwo ankamanga lamba wawo zolimba tsiku ndi tsiku, n'kumayenda patsogolo pa mzere, kuti akulu awo asachite manyazi pamaso pa mabwana. Mu Febuluwale 2011 anapita padera. A chipatala ananena momveka bwino kuti anali malungo, lamba sanalakwe. Koma ku komboni mlandu unali utagamulidwa kale. Kuyambira sabata yomweyo palibe amene analigwiranso dengulo. Madenguwo anawaunjika kuseri kwa fakitale, chiswe n'kumaliza ntchito.

Kuchokera pamenepo, ana a mayi mmodzi awa ankangopatsana moni pa maliro. Sanakangane. Bwenzi zili bwino akanakangana. Malemu ankati alibe nkhope yopita nayo ku komboni. A Mervis ankati alibe mawu owauza.

Kampani yokha inapitirira kukula. Anatsegula ofesi ina ku Lilongwe mu 2014, ndipo ankaitanidwa mpaka ku Zambia. Anaphunzitsa achinyamata ambiri ntchito imene kale kuno kunalibe ndi dzina lake lomwe. Akuluakulu ambiri a m'dziko muno lero akukhala pa mipando imene anawasankhira mwana wa wothyola tiyi, ndipo makosi awo ali bwino. Ena atumiza nkhata zamaluwa, tazilandira. Malemu sankanyoza ntchito imeneyi, chifukwa ndi imene inaphunzitsa ana awo ndi ana a a Mervis omwe. Koma a Goodson amati akabwera ku misonkhano ya m'mahotela, ankavula nsapato n'kunena kuti lero awongolanso misana ya anthu amene sananyamulepo kanthu.

Mu 2019 anayambiranso. Ulendo uno sanadzere ku ofesi. Anadzera kwa amayi a Mvano, nakumana ndi othyola tiyi m'tchalitchi Loweruka masana, popanda kapitawo, popanda mwamuna aliyense. Kumeneko ndi kumene anamva ndi makutu awo zimene sanauzidwe mu 2010. Dengu lachiwiri linalibe lamba wa m'chiuno. Linali ndi kathabwa kopepuka kotsamira kumsana konse ndi zingwe zopingasa pachifuwa, ndipo amayi okhaokhawo ndi amene analikana kawiri asanalivomere. A Mervis sanapite ku misonkhano imeneyi, koma anatumiza uthenga kudzera mwa mnzawo kuti chingwe cha kumanzere chifupikitsidwe. Malemu anachifupikitsa.

Mu 2022 anapita nalo kwa akuluakulu a esiteti. Anapeza mabwana atsopano, aulemu kwambiri, amene anawapatsa tiyi n'kuwauza kuti kampani ikuganiza za makina othyolera, choncho si nzeru kuwonongera chuma pa madengu. Anawauza kuti abwere sizoni ikatha. Atabwera, anauzidwa kuti abwere sizoni isanayambe. Msonkhano womaliza unaikidwa mu Malichi 2023, ndipo namondwe uja anagumula misewu ndi milatho. Tsiku lina silinaikidwenso. Makinawo mpaka lero akuganiziridwabe.

Mu Ogasiti 2023 malemu anayamba kudandaula m'mimba ndi kuwonda. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre anawapeza ndi khansa. Analandira chithandizo chaka chathunthu, akugwirabe ntchito pamene thupi lalola. Mu Novembala 2024 madokotala atanena kuti achita mbali yawo, anapempha kuti abwere nawo kunyumba ino imene anamanga ku Masambanjati. A Mervis anafika osaitanidwa. Ankati akaweruka ku munda, ulendo wa kabaza mpaka kuno, m'mawa kubwerera. Miyendo ya malemu itafooka, ndi a Mervis amene ankawabereka kupita nawo kubafa. Tisungane akuti tsiku lina anamva mayi ake akupepesa ali kumsanako, a Mervis n'kuwayankha kuti akhale chete agwire zolimba, popeza akulu awowo ndi opepuka kuposa masamba a mvula. Akuti anaseka onse awiri mpaka anakhala pansi pakhonde.

Ine ndinafika mu Disembala, patapita zaka zambiri. Phiri la Thyolo ndinalisiya lili ndi nkhalango, ndalipeza lometedwa. Nthochi za pa Masambanjati zimene zinkadzaza malole zinatha ndi matenda a chisaka. Sukulu yathu sindinaizindikire. Chimene ndinachizindikira ndili patali, ndili m'basi, ndi dengu. Silinasinthe ngakhale chingwe.

Malemu anatisiya Lachiwiri pa 14 Januwale 2025, ali ndi zaka 52, amuna awo ndi mng'ono wawo ali pambali. Asiya amuna awo bambo Zakeyu Goodson, ana awiri Tisungane ndi Everson, mdzukulu mmodzi Miriam, mng'ono wawo mayi Mervis, ndi ine mlongo wawo.

Banja likuthokoza mafumu potipatsa malo, ndi adzukulu amene akumba m'dothi lonyowa ili. Tikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a Mvano amene sanatisiye tokha chiyambire Lachiwiri, anamwino a ku Gulupu ndi a chipatala cha Thyolo, antchito a kampani ya malemu, ndi amayi othyola tiyi amene abwera wapansi atapempha chilolezo cha tsiku limodzi. Amayi inu, malemu ankakutchulani mayina mpaka kumapeto. Achemwali athu Daisy, munagwira ntchito, munatopa. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Pomaliza, chidziwitso kwa abale. Mwambo wosesa uchitika mawa m'mawa, osati Loweruka monga tinalengezera poyamba. Ino ndi nyengo ya masamba ambiri, ndipo tchuthi cha a Mervis chikutha mawa. Loweruka akabereka dengu.