Mulungushi Inatitsekela pa Chulu Kulibe Mvula

Abale na alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ndine Zulu wa ku Kasanda. Nifuna mumve za tsiku lamene manzi anatitsekela pa chulu, ine na mkazi wanga amake Lute.

Tili na dimba ya tomato m'mbali mwa mtsinje wa Mulungushi. Tsiku lija kunalibe mvula, dzuwa linali kuwala bwino. Tinali kuthyola tomato, pocheuka tinaona njila yonse ni manzi. Tinathawila pa chulu. Manzi anapitiliza kukwela, ndipo amake Lute sadziwa kusambila.

Ninakwiya, sinibisa. Ninakalipila mtsinje, ninakalipila na Mulungu yemwe. Manzi yachoka kuti, kumwamba kulibe na mtambo? Ninatumila foni mulamu wanga, anati bwato kulibe. Amake Lute anali chabe na kolona m'manja, akupemphela. Ine ninavula shati kuti niwabeleke kumbuyo tilowe m'manzi, zilizonse zichitike.

Pamenepo foni inalila. Anali mulamu. Anafika pa buliji, anapeza mzimayi wina amene nchito yake ni kuwelenga manzi pa chitsulo cha manambala chili mumtsinje. Amalemba m'buku tsiku na tsiku, na kujambula mzele woonetsa mmene manzi yakwelela na kutsika. Mulamu anamupatsa foni, mzimayiyo ananiuza kuti mvula inagwa dzulo kumtunda kutali, manzi yake ndiye yafika manje. Anati mzele wake waleka kuimilila, wayamba kugona.

"Atate, musalowe. Yazakwela pang'ono, kenaka yazatsika. Mukalowa, amayi muwataya."

Ninamuyankha mwamwano kuti pepala siimitsa mtsinje. Anati nibaye kamtengo pamene manzi yafika, niziyang'ana.

Ninabaya. Manzi anameza kamtengo, anafika mu akakolo. Nyelele zinatikwela mpaka m'khosi, kothawila kulibe. Mtima unali kuniuza kuti lumpha, koma amake Lute ananigwila lamba osanisiya. Patapita maola aŵili, mutu wa kamtengo unaonekanso. Dzuwa likalibe kulowa tinaoloka, manzi m'chiuno, anthu atatiponyela chingwe.

Nikali wokwiya kuti kulibe amene amatiuza ise a madimba zinthu izi. Koma niyamika Mulungu amene anaika mzimayi uja pa buliji. Imwe amene mwatsekeledwa, pilililani, musalumphe na ukali. Tomato yonse inapita, koma amake Lute ali moyo, akali kunikalipila mpaka lelo. Ambuye alemekezeke.