Nyumba Yofulatira Nyanja

Olemekezeka a Wapampando wa mwambo uno, olemekezeka akuluakulu ochokera kuboma, olemekezeka anzathu a bungwe limene latigwira mkono, atsogoleri a zipembedzo, a Wapampando wa gulu la asodzi, amayi oyanika nsomba, amisiri amene manja anu achita matuza pa ntchito imeneyi, abale ndi alongo nonse, landirani moni wanga.

Pa pepala la ndondomeko andilemba kuti injiniya wopuma pa ntchito, koma ndikukuonani kumbuyo uko mukugwirana mapewa kuti, "Si a Chipewa aja?" Ee, ndine ndithu. Dzina limeneli munandipatsa nokha chaka chimene ndinabwera kuchokera kusukulu nditavala chipewa cholimba cha amisiri, osafuna kuchivula ngakhale pamaliro. Sekani, ndinaziyamba dala.

Ndinabadwira kumunsi uko, m'nyumba ya zipinda ziwiri, yachitatu kuchokera pa shedi yokonzera mabwato. Mukafuna kuiona lero, mufunika nkhafi, chifukwa pamene panali khonde lathu ndi pamene mumamangirira mabwato. Kanjira kathu kanali kopapatiza, konunkha phula ndi mamba a nsomba, maukonde atayanikidwa uku ndi uku, moti munthu wovala malaya a mabatani sankadutsamo osakodwa. Amayi ankagwira ntchito atakhala pakhomo, mpeni uli m'manja, maso ali pamadzi. Unkangowamva akuwerenga mabwato obwerera, "Asanu ndi awiri. Atsala bambo ako." Bwato lomaliza likaonekera, m'pamene ankayamba kutikalipira. Ndimakasowa kanjira kaja, abale anga, ndimakasowa kwambiri.

Namondwe uja atagwetsa nyumba zanu zaka zitatu zapitazo, munandiitana kuti ndijambule pulani ya nyumba zolimba pamtunda pano. Ndinaikapo nzeru zanga zonse: maziko okwera kufika m'chiuno, njerwa za simenti, denga lomangidwa ndi zitsulo mpaka m'khoma. Ndipo poti mphepo yoipa imachokera kunyanja, n'kulowera pakhomo, n'kutukula malata, ndinatembenuza makomo onse kuti ayang'ane kumsewu. Mbali ya kunyanja ndinaika khoma lokhalokha, lopanda ndi kabowo komwe. Mabuku onse anandivomereza.

Nyumba yoyamba itatha, amayi munabwera kudzaiona. Munaizungulira, munagogoda khoma, munayamikira pansi posalala, kenaka munabwerera kugombe. Wolembetsa dzina panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinati anthu akwathuwa ngosayamika.

Ndinapita kukadandaula kwa achemwali anga, amene anandibereka kumsana, awo akhala pamzere wachiwiriwo. Ambiri mukudziwa kuti alamu anga analowa m'nyanja zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo, ndipo sanabwerere mpaka lero. Achemwali akukhalabe m'nyumba imene anawasiyamo, khoma lake lili ndi mng'alu wolowa dzanja, mafunde akakula amafika pa sitepe. Ndikuyankhula ngati mmisiri: nyumba imeneyo siionanso dzinja lina.

Ndinati, "Achemwali, inu ndiye muyambe kusamuka, anzanu atengerepo chitsanzo."

Iwo osadzutsa n'komwe mutu pa thandala la nsomba. Anati, "Iwe Chipewa, sukulu yonse ija anakuphunzitsa kumanga nkhokwe? Mwamuna ali pamadzi, mkazi azipenya msewu? Akubwera pa basi?"

Ndinati, "Koma inu, achemwali, mukudikiranso ndani?"

Pakamwa panga pamathamanga, mukundidziwa. Anaika mpeni pansi, n'kundiyang'ana. Anati, "Si ine wamisala, ndikudziwa kuti sadzabwera. Koma manda ake sindikuwadziwa, ndiye ndimayang'ana kumene ali. Iwe ukufuna ndiwafulatire."

Ine mwana wobadwira pakhomo loyang'ana kunyanja, amene ndinakula ndikumva amayi akuwerenga mabwato, ndinali nditaiwala chimene khomo limagwira kwathu kuno. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tsiku limenelo chipewa ndinachivula.

M'mawa mwake ndinaitana amisiri. Akalipentala anati, "Bwana, tiboole khoma latsopanoli?" Ndinati boolani. Makomo tinawasiya kumsewu, chifukwa mphepo siimva chisoni, koma nyumba iliyonse tinaipatsa zenera loyang'ana kunyanja, lalifupi loti munthu aziona ali chikhalire, lokhala ndi chotsekera cha thabwa lochindikala ndi mpiringidzo wachitsulo. Namondwe akabwera mutseke, akapita mutsegule.

Lero nyumba makumi asanu ndi limodzi zayima pano, pamodzi ndi mathandala okwera oti madzi asafikire nsomba zanu, chipinda cha ayezi choyendera dzuwa, ndi mbande za mitengo zimene achinyamata abzala m'gombe kuti zizithyola mphamvu ya mafunde. Tikuthokoza onse amene munapereka chuma, onse amene munasenza mchenga, ndiponso amayi amene munakana nyumba yolakwika mwaulemu, osanditukwana pamaso.

Mabanja onse alembetsa, kupatula munthu mmodzi. Akalipentala andiuza kuti dzulo anawapeza achemwali m'nyumba yakumapeto, atakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi zenera, ndipo anakhalapo ola lathunthu n'kutuluka. Ine sanandiyankhe mpaka pano. Mitambo ndi iyo mukuiona.

A Wapampando, mundikhululukire, ndiphwanya ndondomeko. Kiyi woyamba amayenera kulandira akuluakulu, koma ine ndili ndi mlongo mmodzi yekha, ndipo nyanja inatilanda kale munthu.

Achemwali, kiyi wa nyumba yakumapeto ndi uyu. Ndikupempha pamaso pa anthu onsewa.

Apatseni njira. Musawagwire mkono, sakonda zimenezo.

Mwati bwanji, achemwali? Akuti pamtunda pano nyanja ikuoneka patali kuposa kugombe. Akuti ndisiye kulongolola, ndikawathandize kunyamula bedi mvula isanagwe.

Ndamva, achemwali. Ndikubwera.

Ndi mawu amenewa, ndi mtima wodzaza, ndikulengeza kuti nyumba izi zaperekedwa kwa eni ake, ndipo mudzi watsopano uno watsegulidwa.

Zikomo kwambiri.