Temberero la Mayi Evanthia

Anamalira nonse, tandiyankheni: n'chiyani chimameza bwana ndi wantchito yemwe, koma wina chikamulawa chimamulavula? Ndi dothi. Ndiye limene likundiopsa lero.

Malemu achemwali anga, Mayi Evanthia Hatzoglou, anabadwa pa 9 Malichi 1931 konkuno ku Kavala, m'zisakasa za anthu othawa nkhondo ochokera kutsidya kwa nyanja. Amayi athu anawoloka ndi katundu mmodzi yekha, chithunzi cha Namwali Maria.

Sukulu anangoilawa, asilikali n'kudzaitseka mu 1941. Ine ndinangoinunkhiza. Mu 1947 achemwaliwo anayamba kusankha fodya m'nyumba zazikulu zapadoko, ndipo mu 1953 anakwatiwa ndi malemu Bambo Stamatis, msodzi. Fodya atalowa pansi, bambowo anapita kukagwira ntchito ku Jeremani, achemwali n'kutsala okha akulera ana, chifuwa chitadzaza fumbi la fodya.

Mu 1964 achimwene athu a Thrasos, awo a ndevu zopota kutsogoloku, anasinthanitsa chithunzi cha amayi chija ndi wailesi ya mlendo wa m'sitima. Malemu achemwali anaima pakhomo n'kuwatemberera kuti, "Dothi lisadzakudye!" Mpaka Lachiwiri lapitali, pamene chifuwa chinawatenga, mawuwo sanawabweze.

Mukudziwa kuti pakatha zaka zitatu timafukula mtembo, ndipo wotsuka mafupa ndi vinyo pabanja pano ndine. Ndinaonapo mtembo umene dothi linaukana chifukwa cha temberero: wakuda bii, wotupa ngati ng'oma, zikhadabo zitakula. Komanso amati wotemberera akafa asanakhululuke, nayenso sawola. Ndidzawapeze chonchi achemwali anga? Mulungu atichitire chifundo!

Asiya ana awiri, Fotini ndi Lambros, ndi zidzukulu zisanu. Tikuthokoza bambo wansembe, amayi akufodya amene aphika tirigu wa maliro, ndi asodzi amene anyamula bokosi.

Asodziwa ndiwathokoze kawiri. A Thrasos akhala akudziguguda pachifuwa komwera khofi kuti, "Ine namondwe anandilephera, ndiope pakamwa pa mkazi?" Koma m'mawa uno anakawanong'oneza asodziwa kuti akadzafa asadzaikidwe m'manda, adzawaponye m'nyanja. Wina n'kuwayankha kuti, "Pepani a Kaputeni, nsombazo timagulitsa."

Sekani ndithu, musadzitsekereze. Inu achimwene, chotsani nkhope m'chipewamo. Bokosi lisanatsekedwe bwerani mugwade, muwapsompsone pachipumi, mupepese, kuti dothi liwalandire ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.

Wina awagwire mkono a ngwazi ya namondwewo, awafikitse pabokosi.