Bokosi la Akhansala Tinalibweza

Inu akuwailesi, ndiwerengereni nkhani yangayi kuti akukhonsolo aimve. Ndine mayi wogulitsa usipa pamsika wa kudoko, kuno ku Salima.

Chimbudzi cha pamsika pathu chinadzaza mvula isanayambe. Titakadandaula kwa akhansala athu, anangoti, "Tiziona, amayi." Mvula itagwa, zonyansa zinasefukira mpaka pomwe timayanika nsomba. Mwana wa mng'ono wanga anatsegula m'mimba, n'kutsirizikira panjira ya kuchipatala.

Tsiku la maliro akhansala aja anabwera ndi bokosi pagalimoto, anthu n'kuyamba kuwathokoza. Ine ndinaimirira pakati pa amayi anzanga, n'kuwauza kuti:

"Bwana, bokosi tikhoma tokha, akalipentala tili nawo. Koma kupopa chimbudzi cha pamsika ndi ntchito ya khonsolo. Tinakusankhirani imeneyo, osati kudzatikwirira."

Mng'ono wanga naye analikana, bokosilo linabwerera. Mwanayo tinamuika m'bokosi la matabwa athu.

Achimwene anga anati ndawachititsa manyazi pamaliro, ndipo ena mpaka lero sandipatsa moni. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa.

Akhansala, ngati mukumvera, chimbudzi chija chikadali chodzaza, ndipo mitambo yayambanso kuda.