Mkoleya wa ku Kampu ya Mseu

Zaka zija titangolandila ufulu, pamene anali kuthila phula mseu waukulu wochokela ku Lusaka, ine ndinali mai wamng'ono wa mwana mmodzi, Lute, ndipo nchito yanga inali kugulitsa nthochi pa Nyimba. Inu a gulu la masewelo, sendelani kuno mumve, makamaka iwe Tisa, amene wakwinya nkhope chifukwa akupatsa mbali ya mau ochepa.

Anthu a mseu anali ndi kampu yao kunja kwa tauni, ndipo pakati pao panali makanika wochokela ku Koleya, bambo wamfupi wa imvi zoyamba kumene. Dzina lake linatikanika pakamwa, tinangomutcha a Makanika. Lelo inu mumaonela Akoleya pafoni mpaka kuiwala kutsuka mbale, koma ife nthawi ija dziko limenelo sitinali kulidziwa, ndipo kanema tinali kumuona pokhapokha galimoto ya boma ikabwela kudzapachika nsalu pabwalo la sukulu.

Pa Sondo masana, anzao akapita kumowa, a Makanika anali kuima pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa kampu, n'kumalankhula okha m'chinenelo chao, kuseka, kulila misozi yeniyeni, kenaka n'kugwa pansi ngati awombeledwa mfuti. Ena amati mutu unasokonezeka ndi dzuwa la kuno. Ine tsiku lina ndinatula dengu langa n'kuwafunsa.

"Bambo, kodi mudwala?"

Anasasa fumbi pamalaya, ndipo m'Chinyanja chao chothyokathyoka anati, "Iyai amai. Ine munthu wa kanema. Kwathu ine msilikali, ine wanchito, ine wakuba. Mbali zing'onozing'ono. Ana njala, ndiye ine kubwela kukonza thilakita. Koma nkhope ikakhala chabe, iiwala nchito."

Ndinawafunsa ngati adzabwelelanso ku kanemako ndi imvi zimenezo, ndipo iwo anangoti, "Ndidzabwelela," n'kugula nthochi.

Chaka chimenecho achinyamata a chipani, paja kuno chinali chimodzi chokha, anauzidwa kukonza sewelo la pa tsiku lokumbukila ufulu. Ine mtima unali pomwepo, ndinakalembetsa. Koma mbali zikuluzikulu anapatsana okhaokha ophunzila, ine anandipatsa ya mai wochokela kumadzi, amene mnansi amuuza kuti apolisi a atsamunda atenga mwana wake, ndipo iye angofunsa kuti, "Apita naye kuti?" Basi, mau onse ndi amenewo. Ndinapita kwa a Makanika ndili wokwiya, ndimati andithandize kudandaula.

Iwo sanadandaule nane. Anandifunsa dzina la mwana wotengedwayo. Ndinati m'sewelomo alibe dzina. Anati ndimupatse. Anandifunsanso kuti mwanayo m'mawa anadya chiyani, ndi kuti ndinasiyana naye bwanji. Kenaka analoza ndowa yopanda kanthu imene ndinali kuyesela nayo mbali yanga nati, "Iyi bodza. Khosi lidziwa kuti mulibe madzi, ndipo anthu aona khosi." Kuyambila pamenepo Sondo lililonse ndinali kutunga madzi kumtsinje, kufika nawo pamtengo paja, n'kubweleza mau anga mpaka a Makanika atagwedeza mutu, ndipo nthawi zambili sanali kugwedeza.

Vuto linabuka kunyumba. Amuna anga, a Tembo, anali mesenjala pa ofesi, munthu wosamala ulemu wake, ndipo anzao anayamba kuwaseka kuti mkazi wao aphunzila misala kwa mzungu wa mathilakita.

"Amake Lute," anatelo tsiku lina, "mkazi wa munthu saima pabwalo kuti amuna amuseke. Mukapita kumeneko, ine chakudya chanu sindidzadyanso."

Ana inu, masiku ano mau otelo mungawayankhe ndi kuseka, koma nthawi ija amenewo anali mau othetsa ukwati. Ndinaganiza za Lute, ndinaganiza za amalume amene akanandiweluza, koma ndinagwada bwinobwino n'kunena kuti, "Atate ake Lute, bwelani mudzaone. Akandiseka, ndidzaleka ndekha."

Tsikulo litafika, bwalo linadzaza, anthu ochokela ku Minga ndi ku Nyampande anabwela pamalole. Ophunzila aja anachita zao, anthu anaseka kwambili mnyamata wopaka ufa kumaso kuti akhale mzungu. Ndiye ndinalowa ine, ndowa yodzaza pamutu. Mnansi atanena za mwana, sindinakuwe ngati mmene tinkachitila kusukulu. Ndinaima, madzi anayamba kutayikila pamapewa, ndipo ndinafunsa chapansipansi, "Apita naye kuti?" Phokoso lonse linatha. Kumbuyo kunamveka mai wina wachikulile akulila, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti mwana wake anamutengadi zaka za ndale zija ndipo sanabwelenso.

Sewelo litatha ndinapeza a Tembo ataima pafupi ndi ndowa. Anangoinyamula okha pamaso pa anzao onse mpaka kunyumba, ndipo madzulo anadya.

Mseu utafika cha ku Petauke, akuluakulu a kampu anapempha a Makanika kuti akhalebe, popeza makina anali kuwamvela. Anakana. Mkazi wao anali atawauza m'kalata kuti kwao kwayamba masewelo a pa wailesi ya kanema ndipo afuna anthu, ngakhale panalibe amene anawalonjeza malo. Ndinawafunsa kuti nanga akakawakana. Anati, "Ndidzapitanso mailo lake." Anakwela basi ndi chikwama chimodzi ndi phava la nthochi.

Patapita zaka, Mkoleya wina amene anabwela kudzakonza mlatho anandiuza kuti a Makanika anawatengadi ku masewelo aja. Anayamba ndi mbali ya mlonda wa pageti, ndipo kenaka anakhala tate wa banja m'sewelo limene anthu kwao anali kulithamangila akaweluka. Ine sindinawaonepo pakanema, ndipo kaya akali moyo sindidziwa. Koma ndinachita masewelo m'zipatala ndi m'matchalitchi a kuno mpaka maondo atakana, ndipo a Tembo ndiwo anali kundinyamulila katundu panjinga.

Tsono iwe Tisa, mwana wa mwana wanga, mbali yako ndaimva, ndi ya mtsikana wobweletsa uthenga wa malilo. Usaitaye. Mailo ubwele kunyumba dzuwa lisanakwele, undiuze kuti womwalilayo ndani kwa iwe, ndipo wayenda mtunda wotani kuti ufike pakhomo limenelo. Tikayambila pamenepo.